Ndinakankhira MaNzuza Kutsidya

1

Musafulumire kundimvera chisoni poona kuti ndine nkhalamba. Ukalamba suchotsa njiru mumtima, umangoipatsa nthawi yokwanira yoganiza bwino.

Dzina langa ndine Gabisile, koma kuno aliyense amanditchula MaShezi, potengera mfunda wakwathu. Ndili ndi zaka 70. Ndinakhala mphunzitsi wamkulu ku Edendale kwa zaka 21, ndipo ngakhale aphunzitsi aamuna ankayamba akonza tayi asanagogode pachitseko changa. Amuna anga atamwalira ndinagulitsa nyumba n'kudzalowa m'mudzi uno wa okalamba, kunja kwa Howick. Dzina la malowa sinditchula.

Kuno mawu akuti "okalamba" ndi oletsedwa. Ndife "alendo". Chakudya timasankha papepala ngati kuhotela, ngakhale mchere amaubisa ngati chamba. M'mawa amatimwetsa madzi obiriwira a sipinachi, kenako majowajowa m'dziwe lofunda. Aliyense amavala kachibangili kowerenga mapazi amene waponda, ndipo Lachisanu mayina amalengezedwa m'chipinda chodyera, kuyambira katswiri mpaka mlesi.

Zonsezi timachita tikumwetulira chifukwa cha mantha. Kuseri kwa dziwe kuli kamtsinje ndi kamlatho, ndipo nyumba imene ili uko timangoitcha Kutsidya. Kumanja kwake kumakhala ofooka m'thupi. Kumanzere kumakhala oiwala, ndipo chitseko chawo n'chokiya. Mwamuna ndi mkazi wake sagona chipinda chimodzi kumeneko. Sindinaonepo munthu atasamutsidwira kumeneko n'kubwerera.

Woyang'anira zaumoyo ndi Candice Moodley, mtsikana wa mano oyera amene amakuombera m'manja ngakhale wangomaliza kumwa madzi. Ndiye anandisankha kukhala "kazembe wa thanzi".

"Ma, inu muli ndi maso," anatero. "Muzilandira alendo atsopano, muziwapatsa pokhala pa nthawi yachakudya. Mukaona wina wagwa, kapena sakudya, kapena wayamba kuiwala, lembani pakapepala kachikasu aka. Timapepala tikakwana khumi, timamuyesa munthuyo. Ndi chikondi chimenecho, Ma, si ukazitape."

Mtsikanayo sankadziwa kuti kundipatsa ine cholembera kunali kupatsa fisi makiyi a khola.

2

A Mdletshe ndi mkazi wawo anafika mu Marichi n'kupatsidwa nyumba nambala 19. Bamboyo anali woyendetsa sitima wopuma pantchito, wa zaka 77, wamtali, wamapewa, mano onse ali m'kamwa. M'mudzi muno amayi amasiye tilipo anayi pa mwamuna mmodzi, ndipo mwamunayo nthawi zambiri amakhala akuwodzera. Tsiku limenelo amayi anabwera ku chakudya chamasana atadzola milomo.

Mkazi wawo, MaNzuza, anali kanthu kakang'ono kopindika msana, koyenda ndi ndodo chifukwa cha chiuno. Dzina lake loyamba linali Doris. Ndinawakhazika patebulo langa, ndipo musandifunse chifukwa.

Nditangokhala pansi, a Mdletshe anandiyang'ana nthawi yaitali, nkhope yawo n'kuwala.

"Mwachedwatu, mayi," anatero. "Ndakhala ndikukudikirani."

"Musawatengere, ndi anthabwala awa," MaNzuza analowerera msangamsanga, akuseka ndi pakamwa pokha.

Ine zinali zitatha zaka zisanu ndi zinayi popanda mwamuna wondiyang'ana choncho. 

Kudziwe Candice amatiika awiriawiri. MaNzuza sankalowa m'madzi. Ankakhala pabenchi atakumbatira thaulo la amuna ake, maso ali pa iwo osaphethira. Ine ndinaonetsetsa kuti mnzanga wa majowajowa akhale a Mdletshe.

"Manja anuwa sanasinthe," anandinong'oneza tsiku lina titagwirana, madzi akulekeza m'chifuwa. "Mukukumbukira kugombe ku Durban kuja, mutavala diresi yofiira?"

"Baba, ine ndi inu ku Durban? Liti?"

"Aaa, mwayambatu kunditola!"

Ndinaseka ngati namwali. Mumtima ndinati bambo uyu amadziwa kufunsira, akupeka zakale zimene tikanakhala nazo tikanakumana tili achinyamata.

"Baba, tulukani, nthawi ya mankhwala yakwana," MaNzuza anaitana ali pabenchi paja.

Mayi ameneyu ankandinyansa. Munthu akafunsa amuna ake funso, ankayankha ndi iye. Chakudya ankawasankhira ndi iye. Akalowa kuchimbudzi, iye ankaima pakhomo ngati mlonda. Ine ndinkaona nsanje ya nkhalamba imene yadziwa kuti yatha ntchito, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti mwamuna ameneyu ndimumasula, akhale wanga.

3

Tsiku lina m'mawa belu la moto linalira kunambala 19. Ndinafika woyamba. Ketulo inali itapserera pachitofu, utsi uli tolotolo m'khitchini. A Mdletshe anali pakhonde akupukuta nsapato.

"Ndine," MaNzuza anatero ndisanafunse. "Ndinaiwala. Mutu wangawu."

Ndinabwerera kwanga n'kulemba kapepala koyamba.

Sabata yotsatira mpopi wakubafa unasiyidwa wotsegula mpaka madzi anatulukira pakhomo.

"Ndine," anatero.

Ndinapita kukawachezera nditanyamula mkate wa ujeqe umene ndinaphika ndekha. Potsegula filiji kuti ndiwatengere batala, ndinapeza sokosi zitapindidwa bwinobwino pambali pa chigubu cha amasi, chambiko cha kuno.

"Ndine, mnzanga. Ukalamba si chinthu."

Makiyi a nyumba anapezeka m'mphika wa maluwa wa anthu a nambala 12. Ameneyonso anali iye. Ine ndinkangolemba, ndi kalembedwe kanga kokongola kaja kamene ana a ku Edendale ankakaopa pa malipoti awo.

Lachisanu wolengeza mayina ndinali ine. Ndinaima ndi pepala pakati pa chipinda chodyera.

"Woyamba ndi Baba Mdletshe, mapazi 14,000 patsiku!"

Anthu anaomba m'manja, amayi ena mpaka nthungululu. Ndinatsika ndi mndandanda wonse, n'kuima pang'ono ndisanatchule dzina lomaliza, kuti aliyense atchere khutu.

"Womaliza ndi MaNzuza, mapazi 800. Abale, nkhuku yofungatira mazira imayenda kuposa apa!"

Chipinda chonse chinafa nako kuseka. Okalamba tikamaseka wofooka timaseka mokweza, kuti aliyense aone kuti ife sitili m'gulu lake. A Mdletshe nawonso anaseka, akundiyang'ana ine. MaNzuza anatenga kansalu n'kuwapukuta msuzi pachibwano.

4

Timapepala titakwana tisanu ndi titatu, MaNzuza anabwera kwanga. Anali masana, amuna ake atagona. Kuchokera nambala 19 kufika kwanga kunambala 6 si patali, koma anafika thukuta lili kamukamu.

"MaShezi, ndikudziwa kuti mukundilemba."

"Ndi ntchito yanga. Mukhala pansi kapena muimirira?"

"Ndabwera kudzapempha. Siyani, chonde. Ine ndi bambo aja takhala zaka 51. Musatilekanitse."

"Tsiku limene mudzatenthe nyumba muli momwemo, adzafunsa ine kuti kazembe anali kuti."

"Si moto umene ukukuvutani inu," anatero. "Maso ndili nawo. Koma chimene mukuchisiriracho simukuchidziwa."

Mawu amenewa anandibaya, chifukwa palibe chopweteka ngati kuonedwa ndi munthu amene umamunyoza.

"Chimene ndikudziwa n'chakuti mwamangirira mwamuna wamoyo kundodo yanuyo. Munthu wamkulu osatha kuyankha yekha moni! Asiyeni apume, mayi. Inu nthawi yanu inatha."

Anandiyang'ana. Kenako anatsamiritsa ndodo yake kukhoma, nagwira m'mphepete mwa tebulo, n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono. Ndinamva chiuno chake chikulira. Anagwada pansi pakhitchini panga.

"Ndakugwadirani, mwana wa a Shezi. Ine ngakhale kutchalitchi ndinasiya kugwada."

"Mwamaliza?" ndinafunsa.

Atayesa kudzuka, miyendo inakana. Ndodo inali patali. Anatambasula dzanja kuti ndimukoke. Ine ndinadzithirira tiyi wa rooibos, n'kuyang'ana wotchi yapakhoma. Anayesanso, nagwera chammbali. Pomaliza anakwawa mpaka kukhoma, natenga ndodo, n'kudzikweza yekha akubuula. Zinamutengera mphindi zinayi.

Atatuluka ndinalemba kapepala kachisanu ndi chinayi: "Analephera kudzuka pansi yekha kwa mphindi zinayi." Sindinalembe chimene anagwadira. Kapepala kachikhumi ndinachita kupeka. Ndinati ndinamupeza atasochera panjira yopita kodyera.

5

Mayeso anachitikira m'chipinda cha majowajowa, kanyimbo kofewa kakulira. Ine ndinalipo ngati mboni. Nokulunga, mwana wa MaNzuza ndi a Mdletshe amene amakhala ku Manchester, ankaonera pafoni imene Candice anaimika pawindo.

"N'kosavuta, Ma," Candice anatero, wotchi ili m'manja. "Pindani manja pachifuwa. Mudzuke pampando ndi kukhalanso kasanu, osagwira paliponse. Tiyeni, mungathe!"

MaNzuza anadzuka koyamba. Kachiwiri anadzuka akuluma mlomo. Kachitatu anafika pakati, nanjenjemera, n'kugwera pampando. Anayesanso, koma thupi silinasunthe.

"Mwayesetsa, Ma, mwayesetsa kwambiri!" Candice anaomba m'manja. Kenako anatsegula timapepala tanga. "Funso limodzi lokha. Ketulo, mpopi, sokosi, makiyi. Zonsezi ndinu?"

Pawindo tinkaona a Mdletshe akuthirira sipinachi m'dimba la mudzi, akuimba nyimbo ya pasitima. MaNzuza anawayang'ana nthawi yaitali mpaka Candice anabwereza funso.

"Ndine," anatero.

"Ndiye tikusamutsirani Kutsidya, kumanja, Ma, kumene kulibe chitofu kapena masitepe. Mudzakukonda. Kuli anamwino, kuli maluwa."

"Mama, mverani zimene akunena," Nokulunga analankhula pafoni. "Baba ndi olimba, adzisamala okha. Inu mwatopa."

Anamusamutsa Lolemba pakangolo kamagetsi, atamupatsa dengu la zipatso ndi khadi lolembedwa kuti takulandirani. Kangoloko kasananyamuke anandikodola. Anandipatsira kope lakuda lomangidwa ndi mpango wakumutu.

"Munawafuna," anatero motsitsa mawu. "Atengeni. Koma mukawasenza musadzawatule panjira."

Kangolo kanalowera kukamlatho. A Mdletshe anaima pambali panga akubayibitsa.

"Kodi agogowa akupita kuti?" anandifunsa.

Ndinaseka mpaka misozi. Ndinati bambo uyu ngwoopsa, mkazi sanawoloke n'komwe iwo ayamba kale nthabwala. Kope lija ndinakaliponya m'dirowa osalitsegula. Ndinkayesa ndi makalata akale achikondi amene wandipatsa kuti andipweteke mtima.

6

M'mawa mwake ndinavala diresi yofiira imene ndinagula ku Maritzburg sabata yapitayo. Inde, pa zaka 70. Ndinanyamula ujeqe wotentha n'kulunjika kunambala 19.

Chitseko chinali chotsegula. Mbale zonse zinayi za chitofu zinali zofiira, pamwamba pake palibe mphika. A Mdletshe anaima pakati pa khitchini atavala jekete pamwamba pa zovala zogonera, masaya atapaka mankhwala otsukira mano, lezala lili m'manja. Pansi panali ponyowa, ndipo fungo linandiuza kuti si madzi.

Atandiona anagwetsa lezala.

"Doris! Munali kuti? Ndakufunani nyumba yonse. Sitima ya sikisi koloko indisiya, ndipo chipewa changa sindikuchiona."

"Baba, ndine MaShezi."

"Mwavala diresi ija," anatero akumwetulira, n'kundigwira tsaya. "Doris wanga."

Ndinazimitsa chitofu, ndinawakhazika pampando, n'kuthamangira kwanga. Sindinathamangepo choncho chilowereni m'mudzi muno. Ndinatulutsa kope lija m'dirowa n'kumasula mpango uja.

Kopelo linali lodzaza ndi malangizo, tsamba ndi tsamba.

"Chitofu muzithimitsira kuswichi yaikulu kuseri kwa chitseko. Tsiku la ketulo ndinaiwala kutero.

"Munthu akawafunsa funso, yankhani msanga, n'kuseka. Anthu aziti ndinu wolongolola, palibe kanthu.

"Kuchimbudzi muziwadikira pakhomo. Akatuluka sadziwa kolowera.

"Akafunsa za sitima, nenani kuti lero ndi tsiku lawo lopuma.

"Chilichonse chikalakwika, nenani kuti ndinu."

Patsamba lomaliza inki inali yatsopano.

"MaShezi, matendawa anayamba zaka zitatu zapitazo. Mwana sindinamuuze. Kuyambira chaka chatha masiku ambiri sandidziwa, amati ndine azakhali awo. Amafuna Doris wa zaka 40, wamtali, woyenda mowongoka. Tsiku loyamba lija anamupeza mwa inu. Sanakufunsirenipo ngakhale kamodzi. Kumanzere amakiya zitseko, ndipo munthu amene anayenda dziko lonse pasitima sangakhalitse m'chipinda chokiya. N'chifukwa chake ndinati ndine."

Ndinakhala pansi pomwepo ndi diresi yanga yofiira. Zaka zonse zimene ndinaphunzitsa ndinkadziwa kuti mwana wovomera mlandu asanafunsidwe amakhala akubisa mnzake. Pa MaNzuza ndinaiwala zimenezo chifukwa ndinkafuna kuiwala.

7

Masana omwewo ndinawoloka kamlatho koyamba m'moyo wanga. MaNzuza anali pampando wamatayala pafupi ndi windo, atamuveka kansalu kapachifuwa ngati khanda.

"Bwanji simunandiuze?" ndinafunsa.

"Ndiuze munthu woyenda ndi cholembera?"

"Mwandikola dala."

"Ndinakugwadirani, MaShezi. Inu munamwa tiyi."

"Ndipita kwa Candice. Ndikamuuza zonse."

"Pitani," anatero, osakweza mawu. "Ine sandibweza, mayeso a mpando ndinalephera pamaso panu. Iwo awatsekera kumanzere. Ndipo Lachisanu chipinda chonse chodyera chidzadziwa kuti kazembe anathamangitsa mkazi wa mwini chifukwa cha mwamuna wosadziwa n'komwe dzina la kazembeyo. Mukudziwa mmene amasekera anthu aja."

Sindinapite kwa Candice. Ndikanakonda kukuuzani kuti chinali chifundo, koma anali manyazi basi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkalawirira kunambala 19 ndi kuchokako dzuwa litalowa. Ndinkawameta, kuwachapira zofunda, kuwayankhira moni, kuima pakhomo la chimbudzi. Amayi a m'mudzi ankanong'onezana kuti MaShezi walowa m'nyumba mwini wake ali moyo, ena mwa iwo akundisirira. Mpopi utasefukiranso ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu akuti, "Ndine, Candice, ndinaiwala."

MaNzuza anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti ndizibwera nawo adzawaone. Ndinapita nawo kamodzi. MaNzuza anali atapempha namwino kuti amupese tsitsi.

"Baba," anatero akutambasula manja.

"Muli bwanji, azakhali?" a Mdletshe anayankha mwaulemu atavula chipewa. Kenako anandigwira dzanja. "Doris, tiyeni tizipita, muno mukununkha mankhwala."

Sindinapite nawonso. Ndinkadziuza kuti ndikumuteteza MaNzuza, koma zoona n'zakuti sindinkatha kupirira maso ake. Anatumiza uthenga katatu kudzera mwa namwino, ine osayankha. Anasiya kudya, chibayo chinamugwira, ndipo anamwalira patatha masabata asanu ndi awiri chiwolokereni.

Nokulunga anabwera kumaliro n'kukhala masiku anayi. Ataona bambo ake akusokoneza mayina anati ndi chisoni. Ponyamuka anandikumbatira.

"Ma, Mulungu akudalitseni," anatero. "Mukanapanda inu sindikudziwa kuti Baba akanatani."

8

Zimene ndanena mpaka apa ndinaululapo kwa abusa. Izi zikubwerazi sindinauzepo munthu.

Patatha sabata chiikireni maliro, ndinafika m'mawa monga mwa nthawi zonse. Ndinawapeza atakhala pabedi, maso ali mbee, ngati munthu amene chifunga chamuchoka. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Inu sindinu Doris," anatero. "Ndinu ndani, mayi? Doris ali kuti?"

Kope linali ndi yankho lake. MaNzuza analemba kuti akafunsa za munthu amene anamwalira, uziti wapita kumsika, abwera posachedwa. Ndinkalidziwa tsamba limenelo. Koma ndinali nditatopa. Miyezi iwiri ndikuchapa mkodzo wa mwamuna wonditchula dzina la mkazi wina, ndipo tsiku loyamba limene wandiona bwinobwino akundifunsa kuti ndine ndani.

"Ndine MaShezi," ndinatero. "Doris anafa. Munamuika Loweruka lapitali."

Sindinamvepo mwamuna akulira choncho. Anagwa pansi, nandigwira miyendo.

"MaShezi, MaShezi, ndithandizeni! Anafa bwanji ine osadziwa? Anandiitana? MaShezi, musandisiye!"

Ndinakhala pansi n'kuwakumbatira, mutu wawo uli pachifuwa panga. Aka kanali koyamba kunditchula dzina langa. Pofika masana anali ataiwala zonse, akuthirira sipinachi ndi kuimba.

M'mawa mwake anafunsanso.

"Doris ali kuti?"

Ndinayang'ana kope lili patebulo. Ndinawayang'ana iwo.

"Anafa," ndinatero. "Ndine MaShezi."

Analira ngati akumva koyamba, chifukwa kwa iwo kunalidi koyamba. Anandigwira, natchula dzina langa.

Ndinachita zimenezi m'mawa khumi ndi umodzi wotsatizana. Tsiku lililonse ndinkawaphera mkazi wawo mwatsopano, kuti kwa ola limodzi andikumbatire ine monga ine. Tsiku lina sanafunse, ndipo ndinachita kuwakumbutsa ndekha. Ndinkadziwa chimene ndikuchita. Ndinkadzola mafuta onunkhira ndisanapite.

Anasiya kuimba. Anasiya kupita kudziwe. Chakudya ankangochiyang'ana, ngakhale sankadziwa chimene chikuwawawa. Tsiku lakhumi ndi chiwiri ndinapeza nyumba ili pululu. Anali atawoloka kamlatho opanda nsapato, akumenya zitseko za Kutsidya chimodzichimodzi, akukuwa kuti Doris, Doris. Panafunika alonda atatu kuti awagwire.

Candice anawafunsa kuti chaka chino n'chiti. Anatchula chaka chimene anayamba ntchito yapasitima. Tsiku lomwelo chitseko chakumanzere chinatsekeka kumbuyo kwawo.

"Chisoni chimatero, Ma," Candice anandiuza akundisisita phewa. "Chimatha kugwetsa munthu sabata imodzi. Musadziimbe mlandu."

Kumapeto kwa chaka anandipatsa mphoto ya kazembe wopambana, ati chifukwa maso anga anapulumutsa alendo awiri. Chithunzi changa chili pachipata, ndikumwetulira ndi kapu ya madzi obiriwira.

9

Owerenga anzanga, sindikulemba kuti mundikhululukire. Amene akanandikhululukira mmodzi ali m'manda, winayo sadziwa kuti ndinamulakwira chiyani.

Ndikulemba chifukwa ambiri a inu muli ndi makolo m'malo ngati ano, ndipo mumaona zithunzi za dziwe ndi maluwa n'kugona tulo. Mukamva kuti mayi anu ayamba kuiwala, kwerani basi kapena ndege mukakhale nawo sabata yathunthu. Muone ndi maso anu amene akuiwaladi, ndi amene akusenza mnzake. Funsaninso kuti wolemba malipoti ndi ndani, ndipo akufuna chiyani. Ndipo inu amene mumasirira mwamuna wa mnzanu chifukwa ngwaukhondo ndi wansangala, dziwani kuti pali wina amene anadzuka m'mamawa kumukonza kuti aoneke choncho.

A Mdletshe akadali moyo, ngati umenewo ndi moyo. Anaonda mpaka jekete lawo limachita kulendewera. Tsiku lonse amaima pachitseko chokiya akugwedeza chogwirira. Anaiwala sitima, anaiwala Durban, anaiwala Nokulunga. Dzina la Doris nalonso linachoka, safunsanso.

Lamulungu lapitali ndinapita kukawaona. Ndinali nditakonzeka kuti akafunsa ndinene kuti wapita kumsika, abwera posachedwa. Namwino ananditsegulira. Atangondiona, bambo wamtali uja anabwerera m'mbuyo n'kukabisala kuseri kwa namwinoyo, akunjenjemera.

"Baba, ndi mnzanu uyu, wabwera kudzakuonani," namwino anatero.

"Ayi, musamulowetse," iwo ananong'ona. "Mayi ameneyu amabwera ndi maliro."